Njira Yoti Mphunzitsi wa Chingerezi wa Kuno Kummawa Afikire Pophunzitsa Aphunzitsi Anzake Kunja kwa Dziko

Mphunzitsi wa Chingerezi amene akugwira ntchito pa sukulu ya ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi, m'chigawo cha Kummawa kwa Zambia, angathe kudzafika pophunzitsa aphunzitsi anzake m'dziko lina, koma ayenera kudziwiratu kuti ulendowu umatenga zaka, ndipo mbali yake yaikulu amaiyenda ali konkuno. Olemba ntchito a kunja akamafuna mphunzitsi wa aphunzitsi amayang'ana mapepala odziwika m'mayiko ambiri, zaka zimene munthu wakhala m'kalasi, komanso umboni wakuti anaphunzitsapo kale aphunzitsi ndi kuonerera maphunziro awo. Ambiri amathamangira mapepala chifukwa amapezeka ndi ndalama, koma chimene chimasiyanitsa ofunsira ntchito ndi umboniwo, ndipo mphunzitsi wa kuno angathe kuupeza popanda kulipira ngakhale ngwee imodzi.

Yambani mwadziwa ntchito imene mukuifuna

Ntchito imeneyi ili pamitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse umafuna mapepala ake. Pali aphunzitsi a makosi aafupi a kaphunzitsidwe ka Chingerezi monga CELTA ya Cambridge ndi CertTESOL ya Trinity College London, amene amagwira ntchito m'masukulu a zinenero omwe si a boma. Pali ophunzitsa m'makoleji a aphunzitsi ndi m'mayunivesite, kumene digiri ya masters ndiyo imafunsidwa koyamba. Ndiye pali alangizi a aphunzitsi amene ali kale pa ntchito, olembedwa ndi maunduna a maphunziro kapena mabungwe othandiza, ndipo ntchito yawo ndi kuyendera masukulu, kuchititsa maphunziro a pa tchuthi ndi kulemba mabuku othandiza aphunzitsi. Kwa munthu amene waphunzitsa m'masukulu a boma a ku Zambia, mtundu wachiwiri ndi wachitatu ndiyo ili pafupi ndi zimene akudziwa kale. Mtundu woyambawo ndi wotheka, koma njira yake ndi yokhotakhota, monga tidzaonera kutsogoloku.

Konzani mapepala a kwanu

Ngati muli ndi dipuloma ya ku Chipata College of Education kapena koleji ina, chitanipo kanthu kuti mupeze digiri, chifukwa mayiko ambiri sapereka chilolezo cha ntchito ya uphunzitsi kwa mlendo wopanda digiri. Maphunziro a patali a ku University of Zambia, Kwame Nkrumah University ku Kabwe kapena Chalimbana University amalola munthu kuphunzira asanasiye ntchito. Dzina lanu likhale lolembetsedwa ku Teaching Council of Zambia, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la uphunzitsi la mu 2013, ndipo satifiketi yanu yogwirira ntchito ikhale yosatha nthawi. Onetsetsaninso kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana pa satifiketi ya giredi 12, pa digiri, pa chitupa cha NRC ndi pa pasipoti, poti chilembo chimodzi chosiyana chimatha kuimitsa viza kwa miyezi.

Yambani kuphunzitsa aphunzitsi pa sukulu yanu yomweyo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Masukulu a ku Zambia ali kale ndi dongosolo lophunzitsana aphunzitsi okhaokha, lotchedwa SPRINT, ndipo m'dongosolomo muli misonkhano ya magulu a aphunzitsi pa sukulu, muli wotsogolera maphunzirowa pa sukulu amene timamutcha SIC, wa pa zoni amene timamutcha ZIC, ndi wa pa boma amene timamutcha DRCC. Mulinso njira ya Lesson Study, imene inayambira ku Central Province mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, pomwe aphunzitsi amakonzera limodzi phunziro, mmodzi n'kuliphunzitsa ena akuonerera, kenaka n'kukambirana ndi kulikonzanso. Aphunzitsi ambiri amaitenga misonkhanoyi ngati chinthu chongokwaniritsa lamulo kuti ahedi asaine m'buku, komabe zimene zimachitikamo ndizo ntchito yeniyeni imene mukuifuna kunjako.

Pemphani ahedi kuti muzitsogolera misonkhano ya aphunzitsi a zinenero, ndipo mpata wa SIC kapena ZIC ukapezeka muuvomere ngakhale suonjezera kanthu pa malipiro. Dziwanani ndi a DRCC a m'boma lanu kuti akamakonza maphunziro a pa tchuthi azikuitanani kudzatsogolera gawo limodzi. Ophunzira a ku koleji akabwera kudzayeserera kuphunzitsa pa sukulu yanu, dziperekeni kukhala mlangizi wawo. Lowaninso m'bungwe la aphunzitsi a zinenero la LATAZ ndi kukapereka nkhani pa misonkhano yake.

Chilichonse chimene mwachita muchilembe tsiku lomwelo. Sungani faelo yokhala ndi tsiku, malo, mutu wa phunziro, chiwerengero cha aphunzitsi amene analipo, pulani imene munatsatira, mapepala amene munagawa, ndi ndemanga zimene aphunzitsiwo analemba pomaliza. Pa kutha kwa chaka pemphani ahedi kapena a DRCC kalata yosainidwa ndi yodindidwa yofotokoza zimene munatsogolera, chifukwa akuluakulu amasamutsidwa, ndipo kalata yofunsidwa patapita zaka 4 imangonena kuti munali munthu wolimbikira ntchito, mawu amene sathandiza wolemba ntchito aliyense. Pa CV, chiganizo chonena kuti munatsogolera maphunziro a aphunzitsi a masukulu 8 a m'zoni pa nkhani ya kaphunzitsidwe ka kalembedwe ka chimangirizo chimalemera kuposa ndime yonse yodzitamanda.

Phunzirani kuonerera phunziro ndi kukambirana ndi mwini wake

Mlimi wodziwa kulima mtedza sasanduka mlangizi wa zaulimi chifukwa cha nkhokwe yake yodzaza, ndipo n'chimodzimodzi ndi mphunzitsi amene ana ake amakhoza mayeso. Luso lovuta kwambiri pa ntchitoyi ndi kukhala kumbuyo kwa kalasi ya mnzako osalowerera, kenaka n'kukambirana naye mwanjira yoti asinthe kaphunzitsidwe osamva kunyozeka.

Musanalowe m'kalasi, khalani pansi ndi mphunzitsiyo kwa mphindi zochepa, muone pulani yake, ndipo mugwirizane chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene mukaonetsetse, monga mmene amaperekera malangizo a ntchito ya m'magulu kapena mmene amakonzera zolakwa za ana. M'kalasimo lembani zimene zikuchitika ndi nthawi yake, osati maganizo anu. Kulemba kuti "mphunzitsi analankhula kwambiri" ndi chigamulo chimene mwini wake angachikane, koma kulemba kuti pa mphindi 40 ana analankhula Chingerezi kwa mphindi 6, ndipo anayankha ndi ana 5 a kutsogolo okhaokha, ndi umboni umene nonse awiri mungaukambirane. Yang'anani kwambiri ana kusiyana ndi mphunzitsi, chifukwa phunziro lingathe kuoneka lokongola pa bolodi pamene m'makope mulibe kanthu.

Pokambirana, mwini phunziro ndiye ayambe kulankhula. Mufunseni chimene amafuna kuti ana athe kuchita pomaliza, ndipo mumufunsenso kuti wadziwa bwanji ngati atha. Kawirikawiri iye yekha amatchula vuto limene inu munaliona, ndipo zikatero ntchito yanu ndi kumuthandiza kupeza chochita. Mukamuuza zolakwa 10 sakonza ngakhale chimodzi, choncho sankhani ziwiri zimene zikusokoneza kwambiri kuphunzira kwa ana, zotsalazo mudzazikambe ulendo wina. Kuno kwathu pali vuto lina limene mabuku a kunja salitchula kawirikawiri, ndilo la ulemu wa msinkhu: mungathe kuonerera phunziro la mayi amene anayamba kuphunzitsa inu muli ku pulayimale, ndipo simungawauze mwachindunji kuti alakwitsa. Njira yake ndi kufunsa ngati wofuna kuphunzira, mwachitsanzo kunena kuti, "Amayi, ndinaona kuti ana a kumbuyo anakhala chete pamene munagawa ntchito ija, kodi pamakhala chiyani?" Luso lotere mudzalifuna m'mayiko ambiri a mu Africa ndi ku Asia, kumene ulemu wa akulu ndi wolimba ngati kwathu kuno.

Potsogolera maphunziro a aphunzitsi, pewani kuima kutsogolo kwa maola awiri mukufotokoza za ubwino wa ntchito ya m'magulu. Aphunzitsiwo achite okha ntchitoyo ngati ana a sukulu, kenaka akambirane mmene yayendera ndi mmene angaisinthire kuti igwire m'kalasi ya ana 80 yokhala ndi mabuku 12.

Pezani mapepala odziwika kunja

CELTA ndi kosi ya maola pafupifupi 120, imene imatenga masabata 4 kapena 5 ngati munthu akuphunzira tsiku lililonse. Wophunzira amaphunzitsa anthu akuluakulu kwa maola 6 akuyesedwa, amaonerera aphunzitsi odziwa, ndipo amalemba ntchito 4. CertTESOL ya Trinity imafanana nayo, ndipo ili ndi maola osachepera 130. Makosi otchipa a pa intaneti olembedwa kuti TEFL, amene alibe kuphunzitsa kwenikweni koyesedwa ndi munthu, sawerengedwa pa ntchito yophunzitsa aphunzitsi, choncho musataye ndalama zanu. Mphunzitsi wa zaka zambiri angathe kuona ngati kosi ya mwezi umodzi ikumuchepetsa, koma phindu lake ndi lakuti amaona ndi maso ake mmene aphunzitsi a kosiyo amaonerera phunziro ndi kuperekera ndemanga tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezo ndi zimene iye akufuna kudzachita.

Pepala limene limatsegula khomo la uphunzitsi wa aphunzitsi ndi Delta ya Cambridge kapena DipTESOL ya Trinity, ndipo onse awiri amawerengedwa pa mlingo 7 wa maphunziro a ku UK, womwe ndi mlingo wa masters. Delta ili ndi magawo atatu amene angatengedwe padera. Gawo loyamba ndi mayeso olemba a chiphunzitso cha chinenero ndi kaphunzitsidwe, lachiwiri ndi maphunziro 4 ophunzitsa moyesedwa, limodzi mwa iwo likuyesedwa ndi munthu wochokera kunja kwa sukuluyo, ndipo lachitatu ndi ntchito yolemba ya mawu 4,000 mpaka 4,500 pa mutu umene wophunzira wasankha. Kugawika kumeneku n'kothandiza kwa wolandira malipiro a boma, chifukwa angathe kulipira gawo limodzi chaka chino, lina chaka chamawa.

Malo ochitira makosiwa amapezeka ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo kuyambira mu 2020 Cambridge inalola kuti CELTA izichitika yonse pa intaneti. Musanalipire, onani pa tsamba la Cambridge kapena la Trinity ngati malowo ali pa mndandanda wa ovomerezeka. Wosankha kuphunzira pa intaneti ali ku Chipata kapena ku Chadiza aganizire bwino za magetsi, pokumbukira mmene anavutira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Phunziro loyesedwa likadukira pakati silibwerera mwachisawawa, choncho pamafunika sola kapena batire lodalirika, ndi masimu a makampani awiri osiyana.

Za digiri ya masters, yang'anani thandizo la A.S. Hornby Educational Trust, limene limatumiza aphunzitsi a Chingerezi odziwa ntchito ochokera m'mayiko osauka kukaphunzira ku UK, komanso la Chevening ndi la Commonwealth. Koma dziwani kuti thandizo lotereli cholinga chake ndi chakuti mubwerere kudzatumikira kwanu, ndipo Chevening imalamula kubwerera kwa zaka 2 mukamaliza. Zaka zimenezo muziike m'mapulani anu, ndipo muzigwiritse ntchito pophunzitsa pa koleji ya aphunzitsi konkuno, chifukwa koleji ya kunja imakhulupirira msanga munthu amene anaphunzitsapo pa koleji ya kwawo.

Ngakhale munaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, malo ambiri adzakufunsani zotsatira za IELTS, mayeso oyesa luso la munthu pa Chingerezi. Mayesowa amalembetsedwa kudzera ku British Council ku Lusaka, ndipo zotsatira zake zimalandiridwa kwa zaka 2 zokha. Musafulumire kuwalemba musanadziwe kumene mukufunsira, chifukwa ulendo wa makilomita oposa 550 kuchokera ku Chipata pa msewu wa Great East, malo ogona ndi ndalama ya mayeso zingathe kupita pachabe.

Sankhani bwino kumene mukufunsira

Nkhani ya pasipoti tiyenera kuikamba poyera. Mayiko ena amasankha aphunzitsi a Chingerezi poyang'ana dziko lobadwira. Ku South Korea, viza ya E-2 ya aphunzitsi a Chingerezi imaperekedwa makamaka kwa nzika za USA, Canada, UK, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa, ndipo Zambia palibe pa mndandandawo ngakhale Chingerezi ndicho chinenero cha boma kuno. Bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la TESOL International Association linadzudzula kale tsankho lotere mu 2006, koma malamulo a viza sasintha chifukwa cha kudzudzula kwa mabungwe. Choncho musanalembe kalata iliyonse, yambani mwawerenga malamulo a chilolezo cha ntchito a dzikolo.

Ine ndimalangiza kuti munthu ayambe wayang'ana pafupi. Dziko la Rwanda linasintha chinenero chophunzitsira kuchoka ku Chifalansa kupita ku Chingerezi mu 2008, ndipo mu 2022 linalandira aphunzitsi oposa 100 ochokera ku Zimbabwe, ambiri a iwo kukaphunzitsa m'makoleji a aphunzitsi, kudzera m'mgwirizano wa maboma awiriwo. South Sudan inasankha Chingerezi kukhala chinenero cha boma italandira ufulu mu 2011. Mozambique, imene tili nayo malire ku Chanida, imagwiritsa ntchito Chipwitikizi koma inalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995 ndipo imaphunzitsa Chingerezi m'masekondale, pamene Gabon ndi Togo, mayiko olankhula Chifalansa, analowa m'bungweli mu 2022. M'mayiko otere aphunzitsi amalimbana ndi zimene inu mukuzidziwa bwino: makalasi odzaza, mabuku ochepa, ndi ana amene kunyumba amalankhula chinenero china. Amene anaphunzitsapo ana ochokera ku maphunziro a m'Chinyanja a giredi 1 mpaka 4, monga zinayambira mu 2014, n'kuwalowetsa m'Chingerezi ku giredi 5, ali ndi luso limene mlendo wochokera ku London sanalionepo. Luso limeneli mulilembe momveka m'kalata yanu, ndipo ngati mukuloza ku Tete kapena ku Maputo yambani kuphunzira Chipwitikizi.

Ntchitozi zimalengezedwa pa masamba a British Council, a masukulu a zinenero a International House, a mabungwe othandiza pa maphunziro ndi a mayunivesite. Mabungwe a aphunzitsi monga IATEFL, limene linayamba mu 1967 ku UK ndipo lili ndi gulu lapadera la ophunzitsa aphunzitsi, ndi Africa ELTA, ndi malo abwino odziwana ndi anthu amene amamva za mipata isanalengezedwe.

Ngati mukufuna kukhala mphunzitsi wa CELTA

Munthu sadzilembetsa yekha ku Cambridge kuti akhale mphunzitsi wa kosiyi. Sukulu yovomerezeka kuchititsa CELTA ndiyo imamusankha ndi kupempha chilolezo m'malo mwake, ndipo kawirikawiri imafuna Delta kapena pepala lofanana nayo, pamodzi ndi zaka zingapo zophunzitsa akuluakulu a milingo yosiyanasiyana. Wosankhidwayo amatsatira kosi yonse pambali pa mphunzitsi wodziwa, pang'onopang'ono n'kuyamba kutsogolera magawo ena, kupereka ndemanga ndi kuchonga ntchito zolemba, mpaka woyesa wa Cambridge atavomereza ntchito yake. Popeza masukuluwa amakonda kuphunzitsa aphunzitsi awo omwe, njira yake ndi kuyamba mwapeza ntchito ya uphunzitsi wamba pa sukulu yotero, n'kunena cholinga chanu kwa akuluakulu ake kuyambira pa chiyambi.

Mukaitanidwa ndi kupatsidwa ntchito

Pofunsidwa mafunso, yembekezerani kupatsidwa pulani ya phunziro kapena vidiyo ya mphunzitsi wina kuti munene zimene mungamuuze, kapena kupemphedwa kutsogolera phunziro lalifupi la aphunzitsi. Faelo ija ndiyo idzakuthandizani kuyankha ndi zitsanzo zenizeni.

Kontirakiti muiwerenge mofatsa musanasaine. Ionetse ndalama ya dziko liti imene mudzalandira, amene adzalipira ndege, nyumba, chipatala ndi chilolezo cha ntchito, ndiponso zimene zidzachitike mbali imodzi ikafuna kuthetsa mgwirizano. Aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama kuti akusungireni malo, kapena kuti mulowe ndi viza ya alendo mapepala adzakonzedwa mukafika, mumukane, ndipo pasipoti yanu musaipereke kwa wolemba ntchito kuti akusungireni. Masatifiketi nthawi zambiri amafunika kutsimikiziridwa ndi Zambia Qualifications Authority, Unduna wa Zakunja ku Lusaka ndi ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupita, ndipo mudzafunikanso kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu. Zimenezi zimatenga nthawi, choncho ziyambeni mutangolandira kalata ya ntchito.

Wogwira ntchito m'boma asangosowa pa sukulu teremu itatsegulidwa. Lembani kalata yopempha tchuthi chosalipidwa kapena yosiya ntchito, idutse kwa ahedi, kwa a DEBS (mkulu wa maphunziro wa pa boma) ndi kwa a PEO (mkulu wa maphunziro wa m'chigawo), ndipo musanyamuke musanalandire yankho lolembedwa. Funsani bwino za penshoni yanu, ndipo ngati muli ndi ngongole yodulidwa pa malipiro, gwirizanani ndi obwereketsawo za mmene mudzabwezere malipirowo akaima.

Mukafika, masabata oyamba muwathere m'makalasi a aphunzitsi amene mwabwera kudzawathandiza. Werengani silabasi yawo ndi mapepala a mayeso a dziko lawo, dziwani kutalika kwa piriyodi, kuchuluka kwa ana ndi chinenero chimene mphunzitsi amathawirako ana akasowa kumva, ndipo maphunziro anu oyamba muwakonze kuchokera pa zimene mwaonazo. Lembetsani dzina lanu ku ofesi ya kazembe wa Zambia yoyang'anira dzikolo, pitirizani kukonzanso satifiketi yanu ya Teaching Council of Zambia nthawi yake ikakwana, ndipo kontirakiti isanathe pemphani kalata yofotokoza makosi amene munatsogolera, chiwerengero cha aphunzitsi amene munawaphunzitsa ndi maphunziro amene munaonerera.